Kalata yotseguka kwa akuluakulu a Chicago Bears: nambala 10 ipite ku mpanda

Kwa a George McCaskey, wapampando wa timu. A Ryan Poles, osankha osewera. Ndi a Ben Johnson, mphunzitsi wamkulu, ku Halas Hall, Lake Forest, Illinois.

Mabwana,

Ndiyambe ndi chipepeso, poti kwathu sitifikira pa mlandu pakhomo pomwe pangochoka maliro. A McCaskey, pepani chifukwa cha imfa ya mayi anu, mayi Virginia Halas McCaskey, amene anatisiya mu Febuluwale 2025 ali ndi zaka 102. Anali mwana wa George Halas, mwini wake woyambitsa timuyi, ndipo zimene enafe timangomva m'nkhani iwo anaziona ndi maso. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Ine ndine mmodzi mwa Amalawi okhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana. Ndimagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba, ndipo ndakhala ndikuchemerera Bears, timu ya mpira wa ku America, kuyambira pa Super Bowl (fainolo ya ligi ya NFL) ya mu Febuluwale 2007, tsiku limene Devin Hester analandira mpira woyamba n'kuthamanga nawo mpaka kuseri, ine n'kuganiza kuti ndapeza timu yoti indipatse mtendere. Tinagonja 29-17 kwa Indianapolis Colts, ndipo mtenderewo ndikuudikirabe. Ndikudziwa kuti ku Halas Hall kulibe womva Chichewa. Sizikundidetsa nkhawa, chifukwa ngakhale amene amakulemberani m'Chingerezi sindinaone kuti mumawamvera kwenikweni. Kalatayi ili ngati mawu a pabwalo la milandu: munthu amayang'ana kwa mfumu, koma amene akufuna kuti amve ndi achibale akhala pamkekawo. Pamkeka wanga pakhala mlamu wanga, amene wandisowetsa tulo mwezi wathunthu ndi dzina limodzi, Ashton Jeanty, wothamanga ndi mpira wa ku koleji amene iye akufuna kuti mumutenge.

Lachinayi pa 24 Epulo 2025, ku Green Bay, kwa adani athu enieni, muyamba kusankha anyamata ochokera m'makoleji. Abale akumudzi amene muwerenge izi, mu NFL mulibe zoti timu yolemera ikagule mwana aliyense amene yamufuna. Matimu onse 32 amaima pamzere, yomwe inachita moipitsitsa chaka chatha imayamba kusankha, akatswiri amakhala kumapeto, ndipo mzerewo umazungulira kasanu ndi kawiri, kuzungulira kulikonse amati raundi. Ndiyo draft imeneyo. Bears inapambana masewero 5 n'kugonja 12, choncho ili pa nambala 10. Ilinso ndi nambala 39, imene ndi chotsala cha malonda aja osinthana zisankho ndi Carolina a mu 2023, kenako 41 ndi 72.

Pempho langa ndi limodzi. Nambala 10 musankhire left tackle, munthu woima kumapeto a mpanda wa anthu asanu mbali ya kumanzere, amene amateteza msana wa Caleb Williams, quarterback wathu, ndiye kuti woponya mpira. Ndipo musayerekeze kupereka 39 kapena 41 kuti mukwere pamzere kukatenga wothamanga ndi mpira.

Chifukwa changa ndi nambala 68. Chaka chatha Caleb anagwetsedwa mpira uli m'manja, chimene amati sack, maulendo 68 m'masewero 17. Ndi kanayi pa sewero lililonse. Mwana woti munamutenga pa nambala 1, mwana woti tonse tinati ndiye wabwera kudzachotsa tsoka la mzinda uno. M'mbiri ya ligi, amene anagwetsedwa kuposa pamenepo m'sizoni imodzi ndi David Carr, maulendo 76 mu 2002, ndi Randall Cunningham, maulendo 72 mu 1986. Carr nayenso anali nambala 1, nayenso anali ndi mkono wabwino. Houston inamusiya akupunthidwa, mu 2005 anagwetsedwanso ka 68, ndipo pochoka kumeneko anali munthu woyang'ana amene akubwera kudzamugunda m'malo moyang'ana woti amuponyere. Mantha otere akalowa m'thupi satuluka ndi mankhwala.

Kuno ku Indiana tili ndi chitsanzo chathuchathu. Andrew Luck, nambala 1 wa 2012, anasiya mpira mu Ogasiti 2019 ali ndi zaka 29 zokha, thupi litatopa ndi kuvulala. Colts inazindikira mochedwa. Mu 2018 inatenga Quenton Nelson wa pa Notre Dame, pakhomo pathu pompano, pa nambala 6, anthu n'kumati guard, woima mkati mwa mpanda, satengedwa msanga chotero. Chaka chimenecho Luck anagwetsedwa ka 18 kokha. Koma mpanda unamangidwa fisi atalowa kale m'khola.

Mlamu wanga akamva 68 amayankha msanga kuti Caleb amachedwa nawo mpira. Sakunama. Mnyamatayo ali ndi chizolowezi cha ku koleji chozungulirazungulira kufuna chozizwitsa pomwe pakufunika kungoponyera wapafupi, ndipo ena mwa ma sack amenewo ndi mlandu wake. Imeneyo ndi ntchito yanu, a Johnson, ndipo ndi imene anakuitanirani. Koma ndinaonera sewero la New England la pa 10 Novembala, pomwe anagwetsedwa ka 9 ife n'kugonja 19-3, ndipo nthawi zambiri ankati akamamaliza kubwerera m'mbuyo munthu ali kale pakhosi. Patangopita masiku awiri Shane Waldron, mphunzitsi woyang'anira mbali yogoletsa, anachotsedwa ntchito. Ndipo tsiku la Thanksgiving ku Detroit, limene aliyense amalikumbukira chifukwa a Matt Eberflus anafa ndi timeout, mwayi woimitsa koloko, m'thumba nthawi ikutha, chisokonezo chonse chija chinayamba ndi chiyani? Ndi sack, patatsala masekondi 30 ndi pang'ono. Mawa lake a Eberflus anakhala mphunzitsi wamkulu woyamba m'mbiri ya timuyi kuchotsedwa sizoni ili mkati. Anthu awiri ntchito inawathera, koma mpanda unatsala momwemo.

Ngakhale zinali choncho mwanayo anaponya mayadi 3,541, ma touchdown 20 (zigoli za mpirawu), n'kulandidwa mpira m'malere ka 6 kokha. Pa timu ina zimenezi si zoimbira nthungululu. Pa Bears ndi nkhani, chifukwa ndife timu yokhayo mu ligi imene sinakhalepo ndi quarterback woponya mayadi 4,000 m'sizoni imodzi. Pofika kumapeto a sizoni ya 2024 wapamwamba wathu anali akadali Erik Kramer ndi 3,838 ake a mu 1995. Tikamatchula quarterback wamkulu wa timu ino timabwerera kwa Sid Luckman wa m'zaka za m'ma 1940, nthawi imene kwathu kunkatchedwa Nyasaland.

Ndisakhale wosayamika. Mu Malichi munagwira ntchito. Munatenga Joe Thuney ku Kansas City, Jonah Jackson ku Los Angeles Rams, ndipo Drew Dalman wa ku Atlanta munamupatsa madola 42 miliyoni a zaka zitatu. Pakati pa mpanda pamene pankadontha ngati denga la udzu wa chaka chatha, mwafolera. Ndipo ndi pomwepa pamene mkangano wathu unayambira, chifukwa mlamu anangoti, “Basi mpanda watha, tsopano tigule chokometsera.”

Sunathe. Thuney ndi katswiri, ali ndi mphete zinayi za Super Bowl, koma ali ndi zaka 32. Jackson chaka chatha anavulala, atachira Rams inamukhazika pabenchi, ndipo n'chifukwa chake munamupeza pamtengo wa chisankho cha raundi yachisanu ndi chimodzi. Kumanja kuli Darnell Wright, amene munamutenga pa nambala 10 yomweyi mu 2023, ndipo ameneyo sindimudandaula. Nanga kumanzere kuli yani?

Ndinalipo pa Soldier Field pa 22 Disembala. Tinakwera sitima ya South Shore m'mawa ine ndi mwana wanga, titavala ngati tikupita kokagona panja, mphepo ya panyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Tsiku limenelo ndinaona zinthu ziwiri. Choyamba, Braxton Jones, left tackle wathu, anathyoka kakolo n'kutulutsidwa pa kangolo. Chachiwiri, a Johnson, munali mbali inayo mutavala za Detroit, ndipo munatichita chipongwe chija: Jared Goff kunamizira kupunthwa, Jahmyr Gibbs kudzigwetsa ngati mpira watayika, otchinga athu kuthamangira kutsogolo, Sam LaPorta n'kulandira mpira ali yekhayekha. Tinagonja 34-17. M'sitima pobwerera anthu ankangokamba za kupunthwa kwabodzako. Ine ndinkaganiza kuti munthu sasewera masewera otere ngati sakukhulupirira anthu asanu amene aima patsogolo pake. Goff anali ndi nthawi yopunthwa, kudzuka, kuyang'ana ndi kuponya. Caleb akanayesa zimenezo akanadzukira kuchipatala.

Jones ndi mnyamata wolimbikira. Munamutola mu raundi yachisanu mu 2022 kuchokera ku Southern Utah, ndipo wachita zoposa zimene aliyense ankayembekezera. Koma akuchokera ku opaleshoni, ndipo chino ndi chaka chomaliza cha kontirakiti yake. Kumbuyo kwake kuli Kiran Amegadjie wa ku Yale, amene tinamuona ku Minnesota mu Disembala akuvutika ngati mwana wa sitandade 5 amene amulowetsa mayeso a fomu 4. Mwina adzakhwima. Koma msana wa munthu amene timu yonse yatsamira pa iye sitingauike pa mawu akuti mwina. Ndipo wina asanene kuti zikavuta Thuney adzasunthira kumeneko. Kansas City inayesa zimenezo kumapeto a sizoni yathayi, ndipo pa Super Bowl ya pa 9 Febuluwale Philadelphia inagwetsa quarterback wawo Patrick Mahomes ka 6, n'kupambana 40-22.

A Poles, zimenezi mukuzidziwa kuposa ine. Inuyo munasewera pa mpanda ku Boston College, ndipo mu 2008 Bears yomweyi inakuyesani n'kukubwezani. Munali m'maofesi a Kansas City mu Febuluwale 2021 pamene Mahomes, ma tackle ake onse awiri atavulala, anathamangitsidwa usiku wonse ndi Tampa Bay n'kugonja 31-9. Munaona chimene timu ija inachita miyezi yotsatira: inagula Thuney, inasinthanitsa kuti ipeze Orlando Brown, kenako pa draft inatenga Creed Humphrey ndi Trey Smith. Sinasankhe pakati pa kugula ndi kulera. Inachita zonse ziwiri chaka chimodzi. Inu mwachita mbali yogula.

Tsopano ndimupatse mlamu mpata wake, poti akapanda kutchulidwa bwino sadzandiitananso ku nsima ya Lamlungu. Jeanty ndi chilombo. Ku Boise State chaka chatha anathamanga mayadi 2,601, kuperewera 27 okha kuti afike pa 2,628 a Barry Sanders a mu 1988. Anakhala wachiwiri pa mphoto ya Heisman, ya wosewera wopambana onse m'makoleji, kumbuyo kwa Travis Hunter. Ndi wamfupi, wojintcha, ndipo anthu amamugunda n'kugwa okha iye akupitirira. Mlamu amati D'Andre Swift, amene munamupatsa madola 24 miliyoni a zaka zitatu, sanafike n'komwe mayadi 1,000, ndipo pa kunyamula kulikonse ankapeza mayadi 3.8. Amati a Johnson ku Detroit anali ndi Gibbs, wotengedwa pa nambala 12 mu 2023 anthu akuseka, ndipo lero akuseka ndani? Amati Saquon Barkley wathamanga mayadi 2,005 n'kunyamula chikho. Akafika pamenepo amaimirira, n'kutchula Walter Payton, ndipo m'chipinda mumakhala zii ngati watchula malemu agogo.

Zonsezo n'zoona. Koma tiyeni tizione bwino, chifukwa chitsanzo chilichonse chimene wapereka chili kumbali yanga.

Gibbs anafika pa nyumba yomangidwa kale. Detroit inatenga Taylor Decker mu raundi yoyamba mu 2016, Frank Ragnow mu raundi yoyamba mu 2018, Penei Sewell pa nambala 7 mu 2021. Anthu atatu a mpanda, onse a raundi yoyamba, Gibbs asanabwere. David Montgomery, amene kuno tinkamuona ngati wamba, atangowoloka kupita kumeneko mu 2023 anasanduka munthu wina. Miyendo inali yomweyo. Chinasintha ndi anthu omutsegulira njira. Mapointi 564 amene Detroit inagoletsa chaka chatha, ndi kupambana masewero 15, zinamera pamenepo.

Barkley ndiye umboni wanga weniweni. New York Giants inamutenga pa nambala 2 mu 2018, ndipo m'zaka zisanu ndi chimodzi zimene anakhala kumeneko timuyo inalowa m'ndime ya chipulula kamodzi kokha. Munthu yemweyo atapita ku Philadelphia, kuseri kwa Lane Johnson, Jordan Mailata ndi Landon Dickerson, ndi uyo wadutsa 2,000. Giants inagula ng'ombe yamkaka ilibe khola kapena msipu, ndipo mkaka wake wamwedwa kwa aneba.

Ngakhale Payton. Bears inamutenga pa nambala 4 mu 1975. Mu 1977 anathamanga mayadi 1,852 n'kukhala wosewera wopambana onse mu ligi. Chikho chinabwera liti? Mu Januwale 1986, patatha zaka khumi akusenza timu yekha. Pakati pamenepo timu inatenga Keith Van Horne mu raundi yoyamba mu 1981 ndi Jimbo Covert pa nambala 6 mu 1983, ma tackle awiri. Covert lero ali mu Hall of Fame. Anthu akamakamba za timu ya 1985 amakamba za otchinga ake oopsa aja, ndipo n'zoyenera, koma 46-10 ija inalinso ndi mpanda.

Ndipo titati tiwerenge othamanga ndi mpira amene timu ino inatenga mu raundi yoyamba m'zaka 30 zapitazi, ndi Rashaan Salaam mu 1995, Curtis Enis pa nambala 5 mu 1998, ndi Cedric Benson pa nambala 4 mu 2005. Awiri mwa iwo anatisiya, choncho sindinena zambiri, koma palibe amene anakhalitsa kuno. Amene anatitumikira bwino anachokera m'munsi: Matt Forte raundi yachiwiri mu 2008, Jordan Howard raundi yachisanu mu 2016 n'kuthamanga mayadi 1,313 chaka chake choyamba, Montgomery raundi yachitatu mu 2019. Chaka chino othamanga achuluka ngati mango a mu Disembala. Kuli Omarion Hampton wa ku North Carolina, Kaleb Johnson wa ku Iowa, Cam Skattebo wa ku Arizona State, ndi awiri a ku Ohio State, TreVeyon Henderson ndi Quinshon Judkins. Judkins ife a ku South Bend sitifuna kumva dzina lake, chifukwa pa 20 Januwale analowa katatu pamene Ohio State inagonjetsa Notre Dame 34-23 pa fainolo ya makoleji. Mmodzi mwa amenewa adzakhala alipo pa 39 kapena 41. Left tackle woti n'kuyamba naye sewero loyamba la Seputembala kawirikawiri safika kumeneko.

Jeanty yemweyo tinamuona pa 31 Disembala atakumana ndi Penn State, timu imene inali ndi anthu akuluakulu kutsogolo kuposa a Boise State. Ananyamula mpira ka 30 n'kupeza mayadi 104, timu yake n'kugonja 31-14. Sindikumunyoza. Ndikungonena kuti njira ikatsekedwa, ngakhale iye amaima. Komanso ananyamula mpira ka 374 m'sizoni imodzi. Matayala amenewo ayenda kale mtunda.

Palinso nkhani ya ndalama, imene anzanga amaithawa chifukwa siikoma pokambirana. Timu iliyonse ili ndi malire a ndalama zolipira osewera, mu 2025 madola 279.2 miliyoni. Mwana wotengedwa pa nambala 10 malipiro ake ndi oikika kale, kaya amasewera malo ati, kwa zaka zinayi, ndipo timu ili ndi ufulu womusunga chaka chachisanu. Ndiye funso n'lakuti, ndi katundu uti amene kumsika ndi wodula, woti ukamupeza pa mtengo woikikawu wapulumutsa zambiri? Barkley, wothamanga wolipidwa kwambiri mu ligi yonse, kontirakiti yake yatsopano ndi ya madola 41.2 miliyoni pa zaka ziwiri. Dan Moore, left tackle amene Pittsburgh sinavutike kumusunga, Tennessee yamupatsa madola 82 miliyoni pa zaka zinayi mwezi wathawu. Gawani nokha. Tackle wapakatikati akudya mofanana ndi mfumu ya othamanga onse. Sewell ndi Tristan Wirfs ali cha pa 28 miliyoni pa chaka. Jones akachira n'kusewera bwino, Malichi wa chaka chamawa adzafuna ndalama za Dan Moore. Akapanda kuchira, mudzapita kumsika womwewo manja ali m'mwamba. Njira zonse ziwiri n'zodula kuposa kusankha mwana pano, Caleb akadali pa malipiro a wongoyamba kumene.

Mayina mukuwadziwa. Will Campbell wa ku LSU waima kumanzere zaka zitatu motsutsana ndi anyamata oopsa a kum'mwera. Akuti manja ake ndi aafupi, mainchesi 32 ndi kachidutswa pomwe akatswiri amafuna 33 kapena kuposa. Ine sindinayezepo mkono wa munthu, koma ndinaona kuti sabata iliyonse ankabweza anthu a manja aatali. Kelvin Banks wa ku Texas analandira mphoto ya Outland, ya anthu oima kutsogolo m'makoleji, chaka chatha ndipo wasewera kumanzere kuyambira chaka chake choyamba. Armand Membou wa ku Missouri ndi wamphamvu ndi waliwiro modabwitsa, ngakhale wazolowera kumanja, zomwe zingafune kuti wina asinthe mbali. Amene mwamuona kuti ndi woyenera mwa atatuwa ndi inu, a Poles, chifukwa diso limenelo muli nalo kuposa ine.

Ndikudziwa kuti patsogolo pathu pali New England pa 4, Jets pa 7 ndi New Orleans pa 9, onse anjala ya tackle. N'kutheka kuti pofika pa 10 mphika udzakhala utakombedwa. Zikatero musatole munthu wa raundi yachiwiri n'kumuveka chipewa cha nambala 10 chifukwa choti ine ndalemba kalata. Tsikani pamzere ngati alipo wofuna kugula malo anu, muonjezere zisankho, mutenge Josh Conerly wa ku Oregon kapena Josh Simmons wa ku Ohio State ngati madokotala akhutira ndi bondo lake. Wogula akasowa, tengani wosewera wabwino koposa amene watsala, ngakhale akhale Jeanty yemweyo atagwa yekha m'manja mwanu, koma Lachisanu dzuwa lisanalowe tackle akhale atalowa m'nyumba. Chimene ndikukana ndi kulipira kuti mukwere. Timu ino ikakwera pamzere imabwerako ndi chisoni. Mu 2017 inapereka zisankho zingapo kuti isunthe kuchoka pa 3 kufika pa 2 n'kutenga Mitchell Trubisky, Mahomes akadali pamzere mpaka pa 10. Sinali nthawi yanu, a Poles. Koma Chase Claypool, wowakha mipira uja munamugula, anali wanu, ndipo chisankho chimene munapereka ku Pittsburgh mu Novembala 2022 chinadzakhala nambala 32. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pagulu pathu pali ena awiri amene ndiyenera kuwatchula mwachidule. Mkulu wina wa kumpingo akufuna Tyler Warren, tight end (woima pambali pa mpanda, amenenso amawakha mipira) wa ku Penn State amene anawakha mipira 104, ati a Johnson amakonda kusewera ndi ma tight end awiri. Ndimamufunsa kuti Cole Kmet, mwana wa pa Notre Dame amene tikumulipira madola 50 miliyoni pa zaka zinayi, anawakha ingati chaka chatha. Ndi 47. Osati chifukwa manja ake anaphwa, koma mpira sunkafika. DJ Moore tili naye, Rome Odunze tinamutenga pa nambala 9. Chaka chatha munaonjezeranso Keenan Allen, aliyense n'kumati quarterback wongoyamba kumene sanalandirepo chuma chotere, ndipo timu inathera pa nambala 32 mwa 32 pa mayadi. Mbale zinalipo zokwanira, moto ndi umene unkazima. Mlongo wina, namwino, amene amadziwa mpirawu kuposa amuna tonse m'chipindamo, amati tonse tasochera, vuto ndi loti Montez Sweat alibe mnzake wothamangitsa quarterback wa adani. Iyeyo sinditha kumutsutsa kwambiri, ndipo 41 kapena 72 ikapita kumeneko sindidzalira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kubwereza. Trubisky anatengedwa pansi pa mphunzitsi John Fox, chaka chimodzi Fox n'kuchotsedwa. Justin Fields anatengedwa pansi pa Matt Nagy mu 2021, chaka chimodzi Nagy n'kuchotsedwa, ndipo mu 2022 Fields anagwetsedwa ka 55. Caleb watengedwa pansi pa Eberflus, chaka chisanathe Eberflus kulibe. Tisanafike kwa onsewa panali Jay Cutler, amene mu 2010 anagwetsedwa ka 52, ndipo usiku wina ku New York anagwa ka 9 isanakwane nthawi yopumulira. Kuchokera pa Kyle Long mu 2013 kufika pa Wright mu 2023, timu ino sinatenge munthu wa mpanda ngakhale mmodzi mu raundi yoyamba. Zaka khumi. Kenako timadabwa, timati mzinda uno uli ndi tsoka la ma quarterback, ngati kuti wina anakwirira nyanga pansi pa Soldier Field. Palibe nyanga, mabwana. Ana timawatenga abwinobwino, timawaumiriza kuthawa, akazolowera kuthawa timati sadziwa kuima, n'kuwagulitsa motchipa. Fields anapita ku Pittsburgh pa chisankho cha raundi yachisanu ndi chimodzi.

A Poles, tsiku limene munalandira ntchito mu Januwale 2022 munalonjeza kuti mudzalanda chigawo cha kumpoto osachibwezanso. Kuchokera pamenepo tapambana 15, tagonja 36. Malonda a Carolina aja munachita bwino, ndipo sindidzakulandani ulemu umenewo: Moore, Wright, Caleb ndi nambala 39 iyi zonse zinatuluka m'thumba limodzi. A Johnson, munatiseketsa pamene munanena pamaso pa atolankhani kuti munkasangalala kugonjetsa Matt LaFleur, mphunzitsi wa Green Bay, kawiri pa chaka. Ife tinali titagonja kwa Green Bay maulendo 11 otsatizana mpaka pa 5 Januwale, pamene Cairo Santos anamenya mpira wa mayadi 51 nthawi itatha, 24-22. M'nyumba mwanga tinakuwa ngati Bullets yachinya Wanderers mphindi yomaliza, aneba n'kugogoda kufunsa ngati kuli bwino. Timu yopambana masewero 5. Njala yathu yafika pamenepo.

Pakhomo panga pali katoni ya majezi. Chaka chilichonse wina akamapita kumudzi timamupatsira zovala, ndipo majezi a ma quarterback amene munawataya amalowa m'menemo. Ku Ntcheu kuli mphwanga amene amapalira chimanga atavala nambala 10 ya Trubisky. Nambala 6 ya Cutler inang'ambika kalekale, akuti anaimangira pa mtengo kuti iziopseza mbalame m'munda wa mapira. Nambala 1 ya Fields inapita chaka chatha, ndipo amene anailandira anaimba foni kufunsa ngati munthuyu ndi katswiri. Ndinasowa choyankha.

Mwana wanga ali ndi nambala 18 ya Caleb. Ndinamugulira yokulirapo dala kuti akule nayo, mayi ake akudandaula za mtengo. Lachinayi ndasinthana shifiti ndi mnzanga kuti ndikhale pakhomo. Mlamu akubwera ndi nkhuku, ndipo walumbira kuti akamva dzina la tackle pa nambala 10 adzanyamuka nayo osadya.

Ine wanu wochemerera,
wa ku South Bend, Indiana
Epulo 2025